Mwana akalowerera chamba ndi kachasu: zimene kholo la kunyanja liyenera kudziwa

Ku Nkhotakota chamba sichisowa. Chimatsika kuchokera kumapiri, chambiri chimadutsa pa msewu wa M5, koma china chimatsala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja momwe mnyamata wa zaka 14 amachipeza osavutika. Kachasu naye ali paliponse, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga, ndipo masacheti aja ataletsedwa mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki. Pofika poti foni yasowa m'nyumba, thumba la mpunga lapepuka, kapena aphunzitsi atumiza uthenga kuti mwana sakuoneka m'kalasi, chizolowezicho chimakhala chatha kale miyezi.

Makolo ambiri amayamba ndi ndodo, kutsekera m'chipinda, kuthamangitsa pakhomo, kapena ulendo wa kwa sing'anga. Zimenezi zimachokera m'chikondi chosakanikirana ndi mantha ndi manyazi. Koma zimalephera, chifukwa wozichita amaona ngati mwanayo akungochita dala, pomwe chimene chikumukoka tsopano ndi chibaba.

Chibaba chili mu ubongo. Muli mbali ina imene imachititsa munthu kumva kukoma akadya ali ndi njala, akaseka ndi anzake, timu yake ikagoletsa. Mowa ndi chamba zimatakasa mbali imeneyi mwamphamvu kwambiri, ndipo zikamabwera tsiku ndi tsiku ubongo umayamba kugontha pofuna kudziteteza. Mlingo umene unkamuledzeretsa chaka chatha sumukwananso, ayenera kuwonjezera. Zinthu wamba nazo, kondowole wa usipa, mpira wa madzulo, macheza a pakhonde, zimasiya kukoma. Akafika apa sakumweranso chisangalalo, akumwa kuti thupi likhale m'malo. Onjezanipo kuti mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira mabuleki munthu akafuna kuchita chinthu mopupuluma, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. N'chifukwa chake woyamba ali ndi zaka 14 kapena 15 amakodwa msanga kuposa woyamba ali bambo wa ana atatu.

Si aliyense wolawa amene wakodwa, ndipo maso ofiira okha si umboni. Mnyamata amene wachezera panyanja ndi nyali za usipa amabwera nawo maso otero. Chimene muyang'ane n'chakuti walonjezapo kusiya kangapo n'kulephera, mlingo ukukwera, m'mawa manja amanjenjemera mpaka atapeza wochotsera matsire, wasiya zimene ankakonda, ndipo akupitiriza ngakhale wachotsedwa sukulu, wavulala kapena wagonapo m'chitolokosi. Zingapo mwa izi zikapezeka pamodzi kwa miyezi, musadikirenso umboni wina.

Funso loti "ndinalakwa pati?" limasowetsa makolo tulo. M'mimba ndi m'chipala: ana a mayi mmodzi, odyera mbale imodzi, amatuluka osiyana. Funso lothandiza ndi lina: mowawo kapena chambacho chikumuthandiza chiyani? Padoko anyamata amauzana kuti chamba chimachotsa mantha ndi kuzizira pokoka chilimira usiku. Wa kabaza amati chimachotsa kutopa. Wina anayamba bambo ake atamwalira, wina atalephera mayeso a MSCE, ndipo mtsikana amene wayamba kumwa mwadzidzidzi nthawi zina akubisa nkhanza imene anachitidwa osauza munthu. Mukalanda botolo koma bala limene linkaphimbidwa likadalipo, adzapeza botolo lina. Palinso nkhani yowawa kuitchula: m'makomo ena kachasu ndiye amalipira fizi ndi kugula sopo. Ngati mumatcheza kuseri kwa nyumba yanu, mwana amene akuyesa kusiya asakhale wosonkhezera moto, wothira m'mabotolo kapena wolandira ndalama kwa akumwa, ndipo ngati n'kotheka malondawo asamukire kwina. Bambo amene amabwera akudzandira Loweruka lililonse adziwenso kuti mwana akumvera miyendo yawo kuposa pakamwa pawo.

Tsopano nkhani imene ingapulumutse moyo. Mwana amene wakhala akumwa kachasu kapena mowa wa m'timabotolo tsiku lililonse kwa miyezi asasiyitsidwe mwadzidzidzi pomutsekera m'nyumba. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wozolowera kuponderezedwa umakankha mobwezera kuti munthu aziyendabe. Mowa ukachoka kamodzin'kamodzi, kukankha kuja kumatsala kopanda choletsa. Pakapita maola 6 mpaka 24 kuchokera pamene anamwa komaliza, amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza, mtima kuthamanga. M'masiku awiri oyamba angathe kugwa n'kumaphiriphitha ngati wakhunyu. Kwa ena tsiku lachitatu kapena lachinayi ndilo loopsa koposa: amasokonezeka, sadziwa kumene ali, amaona njoka kapena tizilombo pakhoma, thupi limatentha. Izi zimapha, ndipo m'mudzi anthu amathamangira kunena kuti walodzedwa, poti zabwera mwanayo atasiya kale kumwa. Kuchipatala amaziletsa ndi mankhwala odekhetsa ubongo monga diazepam, omwe amawachepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamodzi ndi vitamini B1 yoteteza ubongo. Musagule diazepam pamsika kuti muchite nokha. Mlingo wake umatengera mmene wodwala alili tsiku limenelo, ndipo akaphatikizana ndi mowa angaimitse kupuma. Choncho ngati mwana anagwapo kale atasiya kumwa, kapena amanjenjemera m'mawa uliwonse, tsiku losiya likhale lomwelo lopita kuchipatala. Ulendo ukachedwa chifukwa cha mtunda kapena ndalama, ndi bwino azichepetsa pang'onopang'ono podikira kusiyana n'kudula lero lomwe.

Ngozi ina ndi ya usiku umene anzake amubweretsa atamunyamula. Kabotolo ka 200 ml kolembedwa 40% kali ndi mphamvu yofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu a mowa wamba a 330 ml, ndipo kachasu sadziwika n'komwe mphamvu yake. Chiwindi chimachotsa pafupifupi botolo limodzi lokha la mowa wamba pa ola. Kumuthira madzi ozizira, kumumwetsa tiyi kapena kumuyendetsa sikufulumizitsa kanthu. Mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba lipindikire kutsogolo kuti asagubuduke, nkhope ipendekere pansi pang'ono kuti masanzi azituluka okha. Chagada ayi, angatsamwe ndi masanzi ake omwe. Musamuike chakudya kapena madzi m'kamwa ali chikomokere. Mufunditseni, ndipo wina achezere naye. Werengani mpweya wake: akamapuma kosakwana ka 8 pa mphindi, akamadukiza kupuma masekondi 10, milomo ikasintha mtundu, kapena akapanda kudzuka ngakhale mutamutsina, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuche.

Chamba kasiyidwe kake n'kena. Kuchisiya mwadzidzidzi sikupha, koma kumavutitsa, ndipo makolo osadziwa amaona ngati mwana waipiraipira. Kuyambira tsiku lachiwiri amapsa mtima msanga, tulo sitibwera, chakudya sichilowa, akagona amalota zoopsa. Sabata yoyamba ndiyo yowawa. Pofika yachiwiri kapena yachitatu zambiri zimatsika, ngakhale tulo timachedwerapo. Muuziretuni masiku amenewa, chifukwa ululu umene munthu akudziwa potherapo pake amaupirira. Chimene chimafuna chipatala mwachangu n'chakuti wayamba kulankhula yekha, kumva mawu amene ena sakumva, kukana nsima poti mwathiramo poizoni, kukhulupirira kuti anthu akumusaka, kapena kutha masiku osagona akudzitcha munthu wamkulu. Chamba chosutidwa tsiku lililonse kuyambira ubwana chimakulitsa mpata wa matenda a maganizo oterewa, makamaka ngati kumtundu kunali kale wodwala. Kwa ena zimatha pakapita masiku atasiya, kwa ena amakhala matenda ofuna mankhwala a nthawi yaitali, ndipo kuchedwa kuyamba mankhwalawo kumachepetsa mwayi wochira bwino. Unyolo ndi chingwe zimangosiya zilonda ndi chidani. Musakangane naye pa zimene akuti akuona, musamuvomerezenso. Azilankhula munthu mmodzi, motsitsa mawu. Chotsani zikwanje ndi mipeni pafupi, ndipo itanani amene iye amamumvera kuti amuperekeze. Kunyanja kuno kumbukiraninso kuti malungo akakwera m'mutu amasokoneza munthu chimodzimodzi, choncho wosokonezeka amene thupi latentha ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Mapemphero a kutchalitchi ndi dua ya kumzikiti zimalimbitsa banja, ndipo abusa ndi mashehe ambiri amadziwa kuperekeza anthu kuchipatala. Woyenera kumuopa ndi amene akuti mwana asiye mankhwala a kuchipatala, asale kudya masiku ambiri, kapena amwe zosanzitsa kuti mowa utuluke. Chibaba sichili m'mimba.

Palinso mapilisi ndi mankhwala a chifuwa: tramadol, diazepam, Artane, ndi amadzi okhala ndi codeine. Sanunkha ngati kachasu, ndiye amabisika nthawi yaitali. Mukapeza timapaketi kapena mabotolo otha, musataye. Pitani nawo kuchipatala akaone dzina, chifukwa aliwonse ali ndi kasiyidwe kake. Diazepam, monga mowa, sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo tramadol wochuluka amagwetsa ngati khunyu.

Kulankhula naye kuli ndi nthawi yake. Akakhala ataledzera mukulemba m'madzi. Sankhani tsiku limene ali bwino, atadya, popanda anthu. Kuyendera limodzi kudimba kapena kukhala pansi n'kumasoka ukonde kumamasula pakamwa kuposa kumukhazika pampando n'kumamuyang'ana m'maso. Nenani chinthu chimodzi chimene munaona nokha, mmene chinakupwetekerani, ndi pempho limodzi laling'ono. Mayi anganene kuti: "Mwana wanga, dzana unabwera usiku ukudzandira, ine osagona poganiza kuti wagwera m'madzi. Sindikukuthamangitsa ayi. Ndikupempha kuti Lachiwiri tipitire limodzi kuchipatala, tikangomva zimene akanene." Mukatero khalani chete, ayankhe. Akati, "Amayi, ine ndilibe vuto," musakokane naye. Mufunseni chimene chimamukomera akasuta, ndi chimene chimamuipira m'mawa mwake. Zifukwa zosiyira zimene zatuluka pakamwa pake amazisunga kuposa zimene mwamuuza inu. Mayina oti chidakwa, wachamba, wopanda pake, asiyeni; akazolowera kuitanidwa choncho kwawo, amathawira kwa anzake amene amamuitana dzina lake. Nkhaniyi siitha tsiku limodzi, muziibwereza pakapita masiku.

Bwalo la banja lonse, achibale khumi atamuzungulira aliyense ndi mlandu wake, limamuumitsa mtima. Sankhani mmodzi kapena awiri amene amawalemekeza, kaya atsibweni ake, agogo, aphunzitsi ake akale kapena mwini boti amene amamugwirira ntchito. Chachikulu n'chakuti akuluakulu a pakhomo anene chimodzi. Bambo akamakana ndalama, mayi n'kumapereka mobisa kukhitchini, palibe chimene chingasinthe.

Pa ndalama ndi pamene makolo achifundo amagwera. Kumulipirira ngongole ya kushabini, kukanama kusukulu kuti akudwala malungo, kubweza mwakachetechete zimene waba kwa anansi, zonsezi ndi kumulambulira njira yomwe mukufuna aisiye. Chakudya, pogona, chipatala ndi sukulu musamumane. Ndalama m'manja ndiye ayi. Fizi kalipireni nokha, risiti musunge. Akafuna nsapato, mugulireni nsapatozo. Sinthani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mbewu, feteleza ndi injini ya boti zikhale pokhoma. Ikani malamulo ochepa amene mungathedi kuwasunga: chamba sichilowa m'nyumba muno, woledzera sakwera njinga yamoto kapena bwato, wokweza dzanja pa amayi ake kapena azing'ono ake nkhani ipita kupolisi. Mukaopseza chinthu chimene simudzachita, amaphunzira kuti mawu anu ndi mphepo chabe. Mbali ina imene imaiwalika ndi ya masiku abwino. Tsiku limene wabwera ali bwinobwino lisadutse mwakachetechete: muuzeni kuti mwaona, idyani naye, mutumeni ntchito yaulemu. Ngati pakhomo amangomutchula akalakwa, saona phindu la kubwera wosaledzera.

Chithandizo chimayambira pafupi. Pachipatala chaching'ono angakulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha Salima. Kumeneko pemphani kuonana ndi anamwino kapena adokotala oona za matenda a maganizo, ndipo funsani tsiku la kiliniki yawo. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo musananyamuke lembani papepala: akumwa kapena kusuta chiyani, kangati pa tsiku, kuyambira liti, komaliza ndi liti, anagwapo, amamva mawu, ananenapo zodzipha. Musachepetse mlingo chifukwa cha manyazi, mankhwala amaperekedwa potengera zimene mwanena. Mpatseni mpata alankhule ndi adokotala payekha, pali zimene sanganene inu muli pomwepo. Pemphani ayezedwenso HIV, ndi TB ngati akutsokomola, ndipo ngati ali pa ma ARV nenani masiku amene wadumphitsa. Ofunika kugonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo aakulu amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo a Saint John of God, omwe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Funsiranitu za malipiro ndi malo musanakwere basi. Wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene mutu wake ukugwira simungamukoke ndi chingwe. Akakana, pitani nokha mukalandire uphungu, chifukwa kawirikawiri mwana amadzatsatira ataona kuti kachitidwe ka pakhomo kasintha.

Za kudzipha funsani mosazungulira: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Funsoli silidzala maganizowo mwa munthu, limangomupatsa poyambira kulankhula. Akavomera, kapena akamanena kuti posachedwa mupumula, asakhale yekha. Tameki, mankhwala opopera thonje ndi mbewu zakudimba, zingwe ndi mapilisi zichoke pakhomo lero, zikasungidwe kwa wina, poti mowa umachititsa munthu mopupuluma chimene ali bwino akanachiopa. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana ndi achinyamata, ndipo kholo nalo likhoza kuimba.

Anyamata ena amauza makolo kuti chamba chinaloledwa. Lamulo la 2020 linalola kulima kwa okhala ndi chiphaso, kuti chikagwire ntchito ya mankhwala ndi ya m'mafakitale. Kusuta kapena kupezeka nacho popanda chilolezo ndi mlandu. Wogwidwayo akakhala wosakwana zaka 18, malamulo oteteza ana amati asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake ikhoza kuthetsedwa m'njira zina osafika kundende. Pitani ndi umboni wa zaka zake, ndipo dziwitsani a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma.

Akasiya, chovuta chachikulu ndi maola opanda chochita. Mowa unkamudyera theka la tsiku, ndipo anzake onse akadali komweko. Kunyanja masiku oterera amadziwika: mwera ukamaomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti maboti ali pamtunda, mwezi ukawala a usipa akupuma, nyengo yotseka nyanja imene imayamba mu Novembala, komanso tsiku logawana ndalama nsomba zikafa zambiri. Kwa olandira malipiro ndi kutha kwa mwezi. Khalani naye pansi mutchule masiku akewo, anthu ake, ndi njira zimene zimadutsa pashabini, ndipo pa chilichonse mugwirizane chochita: ndalama za tsikulo azisungitsa kwa ndani asanafike pamsika, Loweruka madzulo azikhala kuti. Chibaba chimabwera ngati funde, chimakwera n'kutsika, kawirikawiri pasanathe theka la ola. Akhale ndi chochita pa nthawi imeneyo: kudya, kusamba, kukatunga madzi, kuimbira munthu amene munagwirizana. Njala, mkwiyo ndi kusagona zimachikulitsa, choncho asachoke pakhomo m'mawa osamwa phala. Kubwerera kusukulu, ngakhale ya masana, kuphunzira ukalipentala kapena kukonza injini, kamunda kake ka mpunga kapena dimba lakelake, zimamupatsa chinthu choti azichitchinjiriza. Muyambenso kumukhulupirira pang'onopang'ono: sabata ino mumtume sopo, miyezi ikapita akagulitse thumba la mpunga. Kumutumiza kwa achibale ku Lilongwe kumathandiza pokhapokha iwo akudziwa zoona zake ndipo chithandizo chikapitirira kumeneko.

Kugwanso kumachitika. Bungwe la ku America la National Institute on Drug Abuse limati mwa anthu 100 olandira chithandizo, 40 mpaka 60 amabwereranso, zosasiyana kwenikweni ndi odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Miyezi yoyambirira ndiyo yoterera kwambiri. Akagwa, miyezi imene anakhala bwino ija sinapite pachabe. Dikirani atsitsimuke, mufunseni chimene chinachitika maola angapo asanamwe, konzani pamenepo, ndipo bwererani kukiliniki sabata yomweyo osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Chinthu chimodzi amveretu: thupi limene lapuma miyezi iwiri silingathenso mlingo wakale. Umene kale unkangomuledzeretsa tsopano ungamuphe, makamaka mapilisi ndi mankhwala a codeine.

Ana ena pakhomo amaona zonse. Auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti achimwene awo kapena achemwali awo akudwala ndipo akuthandizidwa. Musawasandutse alonda ake, ndipo fizi yawo isathere pa iye. Inunso kayezetseni BP, idyani, gonani, ndipo pezani munthu mmodzi, kaya kumvano, kumzikiti kapena kubanki m'khonde, amene mungamuuze zakukhosi osadzazimva mawa pachitsime. Akafika pomenya anthu m'nyumba, yambani mwapulumutsa ana ndi agogo: tulukani, itanani anansi, kaneneni ku Victim Support Unit kupolisi. Zikafika poti sangakhalenso m'nyumba, mpezereni pogona kwa wachibale amene wavomera akudziwa zonse, muuzeni momveka chimene ayenera kuchita kuti abwerere pakhomo, ndipo tsiku la kiliniki likakwana mukamutenge.